Makondomu akuphulika? Yang'anani botolo la Vaseline

Azakhali,

Bambo a kunyumba anapezeka ndi kachilombo chaka chatha, ine ndilibe. Ma ARV amamwa mojomba. Mwezi uno kondomu yaphulika katatu, ndiye akuti ndimachita dala kuti nditenge mimba ina. Mwana akadayamwa, kumusi kumauma, moti timapakako Vaseline. Kodi ndiitane ankhoswe?

Mayi wa ku Ndirande

Mwana wanga, amuna anuwo sindiwamvera chisoni. Akujomba mankhwala oti akamamwa bwino kachilombo kamachepa mpaka osakupatsirani, kenako n'kumaloza inu chala!

Ine maso anga ali pa Vaseline mwamutchula modutsayo. Wophulitsa makondomu ndi ameneyo. Makondomu ambiri ndi a labala ya latex, ndipo mafuta odzola, ophikira, ngakhale opaka ana, amaidya labalayo m'mphindi zochepa. Ku famase funsani lubricant ya madzi, yopaka kuti kumusi kuterere koma siwononga kondomu. Kuumako kumabwera ndi kuyamwitsa, si kulakwa kwanu, koma kumasiya timabala tomwe kachilombo kamalowerapo.

Nanunso ndikudzudzuleni. Katatu konse, inu n'kumaganiza za ankhoswe? Kondomu ikaphulika, thamangirani ku chipatala pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi. Mawa lomwe mukayezetse, mufunsenso za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda kachilombo amalandira kuti asakatenge.

Chimandiwawa n'chakuti tinakula tikuuzidwa ku chinamwali kuti mkazi wabwino ndi wouma, wonyowa ndiye woyendayenda. Amayi mpaka kuika zitsamba zoumitsa kuti bambo asangalale, amayiwo akulira chamumtima. Lero mayi wapabanja amachita manyazi kugula lubricant, ati ndi za mahule, ndiye amatola chilichonse chili pa windo. Makondomu timalandira aulere. Bwanji osapereka limodzi ndi lubricant? Ndipo ikhale yoti akatswiri aiyeza, chifukwa si chilichonse choterera chili chabwino. Mankhwala opha umuna a nonoxynol-9 anthu ankawadalira, koma mu 2000 kafukufuku anaonetsa kuti amasupula mkati ndi kuwonjezera chiopsezo chotenga kachilombo kwa owagwiritsa ntchito pafupipafupi. Mphete ya dapivirine yovala kumusi podziteteza ku kachilombo, yomwe bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2021, anathandiza kuiyesa ndi amayi a ku Lilongwe ndi Blantyre amene sanachite manyazi kukamba za thupi lawo. Ife tikhaliranji chete?

Ankhoswe aitaneni ndithu, koma mlandu wake ukhale wa kujomba ma ARV.

Azakhali