Diski ya Laputopu Yadzaza: Ndifufute Chiyani, Ndisiye Chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya sekondale, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pano poyera chifukwa vuto limene akumana nalo si lawo okha. Mayiwa akuti laputopu yawo, yomwe ili ndi Windows 10 ndi diski ya 128 GB, yayamba kukana kusunga ntchito, kamzere kosonyeza malo otsala pa diski C kafiira, ndipo akakhala pa intaneti pamatulukira uthenga wonena kuti kompyuta yadzaza ndi zinyalala zochuluka, choncho agule pulogalamu yoyeretsera. Akufunsa ngati n'koyenera kuigula, ndiponso ngati pali njira yochotsera zinyalalazo popanda kutaya mayeso ndi mapulani a maphunziro amene akhala akulemba kwa zaka zingapo.

Mayi, ndiyambe ndi uthenga umenewo: musaudine, ndipo musalipire ngakhale tambala imodzi. Tsamba la pa intaneti silingathe kuona zimene zili pa diski yanu, kotero manambala amene likukuonetsani ndi ongopeka n'cholinga choti muchite mantha ndi kupereka ndalama. Ngakhale mapulogalamu oyeretsera odziwika bwino ali ndi zoopsa zake. M'chaka cha 2017 akuba a pa intaneti analowetsa pulogalamu yoipa m'kati mwa CCleaner 5.33, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaiika m'makompyuta awo akuyesa kuti akuika chida chowateteza. Komanso kampani ya Microsoft, imene inapanga Windows, simavomereza mapulogalamu amene amati amayeretsa Registry (kaundula wa m'kati momwe Windows amasungamo malangizo a kayendetsedwe ka kompyuta), chifukwa malo amene amapulumutsa ndi ochepa kwambiri pamene cholakwika chimodzi chokha chingachititse kuti kompyuta ileke kuyenda bwino. Tsache limene mukufuna muli nalo kale m'nyumba, ndipo ndi laulere.

Musanafufute kanthu kalikonse, tengani flashi kapena diski yakunja, mukoperepo mayeso, mapulani, zithunzi za banja ndi zonse zimene simungathe kuzilembanso, kenako mutsegule mafayilo angapo pa flashipo kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa laputopu ya 128 GB kawirikawiri imakhala ndi diski ya mtundu wa SSD, ndipo pa diski zotere fayilo ikafufutidwa kotheratu, kuibweza kumavuta kwambiri kusiyana ndi pa diski zakale zozungulira zija.

Mukatero, tsegulani Settings, mupite pa System, kenako pa Storage. Dikirani pang'ono kuti kompyuta iwerengetse, ndipo idzakuonetsani malo amene atengedwa ndi mapulogalamu, mavidiyo, zolemba ndi mafayilo osakhalitsa. Dinani pa Temporary files, ndipo mudzaona mndandanda wokhala ndi timabokosi tochonga. Zambiri mwa zimenezi n'zinyalala zenizeni: Windows Update Cleanup ndi zotsalira za kukonzedwa kwa Windows zimene ntchito yake inatha kale, ndipo nthawi zina zimafika magigabayiti angapo, Thumbnails ndi tizithunzi ting'onoting'ono timene kompyuta imatha kupanganso yokha. Koma pamndandanda womwewo pali mabokosi awiri amene ndikupempha kuti muwayang'anitsitse. Loyamba ndi Downloads, ndipo limeneli musalichonge, chifukwa ambiri a ife timatsitsa kalata kapena silabasi n'kuisiya momwemo kwa zaka, osaisamutsira kwina, ndipo kompyuta sidziwa kusiyanitsa kalata yofunika ndi chinyalala. Lachiwiri ndi Recycle Bin, imene muyenera kuyamba mwaitsegula ndi kuona zimene zilimo, pakuti fayilo yotayidwa mmenemo imakhala ikadali pa diski ndipo ikudyabe malo mpaka mutakhuthula.

Chida chakale chotchedwa Disk Cleanup chikadalipo ndipo chimagwira ntchito yomweyo. Mukachitsegula, dinani batani lolembedwa Clean up system files kuti chifufuze mozama. Ngati mwaonapo Previous Windows installation, imeneyo ndi foda ya Windows.old imene imatsala kompyuta ikasinthira ku Windows watsopano, ndipo imatha kukula kuposa 10 GB. Windows amaisunga masiku 10 kuti munthu athe kubwerera ku wakale ngati watsopanoyo wavuta, choncho ngati zonse zikuyenda bwino mukhoza kuichotsa. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, nthawi zina mpaka theka la ola, choncho muichite batire ili yodzaza, kuopera kuti magetsi angathime ntchito ili m'kati.

Tsopano ndinene chimene ndachiona kawirikawiri, ngakhale si chimene anthu amafuna kumva. Zinyalala zimene kompyuta imadzipangira yokha nthawi zambiri si zimene zimadzaza diski. Chimene chimadzaza diski ndi katundu wathu amene tinaiwala. Miyezi ingapo yapitayo mlongo wanga anandibweretsera laputopu yake ili ndi vuto ngati lanuli. Tinachotsa mafayilo osakhalitsa onse, koma kamzere kaja kanangosuntha pang'ono n'kukhalabe kofiira. Titasanja mafoda potsata kukula kwake, tinapeza vidiyo ya ukwati wa mphwathu itasungidwa katatu: pa Desktop, mu Videos, ndi m'foda ina yotchedwa New folder imene inali m'kati mwa New folder inzake. Pambali pake panali zonse za m'foni yake yakale, zimene anazikopera kawiri pa nthawi zosiyana, kuphatikizapo mavidiyo a m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi a kuntchito amene sanawaonerepo n'komwe. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana sikirini, kenako anati, "Achimwene, ine ndimaganiza kuti ndi vayirasi." Madzulo amenewo tinasiya vidiyo imodzi ya ukwati, tinasamutsira zithunzi pa diski yakunja, ndipo kamzere kanabwerera mwakale.

Inunso mungathe kufufuza chimodzimodzi. Tsegulani File Explorer, mulowe pa diski C, ndipo m'kabokosi kofufuzira mulembe size:>1GB kuti mafayilo onse oposa gigabayiti imodzi aonekere. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa WinDirStat imene imajambula diski yonse ngati munda wogawidwa m'zigawo, fayilo yaikulu n'kuoneka ngati chigawo chachikulu. Iyo imangoonetsa, ndipo kusankha chofufuta kumakhala kwa inu. Yang'ananinso pa Apps mu Settings, muchotse mapulogalamu amene simunawatsegulepo chigulireni laputopuyo, koma muwachotse podina Uninstall, osati pofufuta mafoda awo ndi manja.

Pofufuzapo mudzaona zinthu zikuluzikulu zimene mayina ake simukuwadziwa, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amaononga makompyuta awo. Foda ya Windows, makamaka System32 ndi WinSxS, ndiponso Program Files, musazikhudze ngakhale zioneke zazikulu bwanji. Fayilo ya pagefile.sys ndi malo amene Windows amagwiritsa ntchito ikachepa RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwira pa nthawiyo), ndipo hiberfil.sys imasunga zimene munatsegula kompyuta ikagona tulo tofa nato. Zimenezi ndi mizati ya nyumba, ndipo amene akusesa sazula mzati chifukwa choti watenga malo.

Pa nkhani ya zotsalira za mu Chrome kapena Edge, zimene mungazipeze podina Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi, ine sindilimbikitsa kuzifufuta tsiku ndi tsiku. Zotsalirazo zimathandiza kuti masamba amene mumawatsegula kawirikawiri asamatsitsidwenso onse, ndipo kwa ife amene timagula bandulo yowerengeka, kuzichotsa pafupipafupi n'kutaya ndalama. Mukafuna kuzichotsa, samalani kuti musachonge bokosi la mapasiwedi ngati simunawalembe penapake.

Mukamaliza, bwererani pa Storage muyatse Storage Sense, imene idzakhala ikuchotsa yokha mafayilo osakhalitsa ndi zimene zakhala mu Recycle Bin kupitirira masiku 30, koma pa gawo la Downloads muonetsetse kuti pakhale pa Never. Yesetsani kuti pa diski yanuyo pazitsala malo okwana 20 GB kapena kuposerapo, kuti Windows azikhala ndi popumira. Ngati mwachita zonsezi koma laputopu ikuchedwabe, ndiye kuti vuto lili kwina, mwina RAM ndi yochepa kapena mapulogalamu amene amadziyatsa okha poyamba achuluka. Zikatero, mutsegule Task Manager (chida cha mu Windows choonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito), mujambule gawo la Performance ndi la Startup, munditumizire zithunzizo pa imelo, ndipo tidzaonera limodzi.