Kulemba mbiri ya agogo amene anali mayi busa

Mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano wanditumizira kalata pa imelo. Agogo ake aakazi anamwalira miyezi ingapo yapitayo, ndipo abale amupempha kuti alembe mbiri ya moyo wawo yoti iwerengedwe pa tsiku lowakumbukira ndi kusungidwa m'banja. Aliyense amene wamufunsa akuyankha zofanana, kuti anali mayi busa, okonda kupemphera ndiponso odzichepetsa. Iye akuti: "Ndalemba tsamba lathunthu, koma ndikaliwerenga ndikungoona mipingo imene agogo aamuna anatumikira, agogo aakaziwo sakuonekamo. Kodi ndiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi imfa ya agogo anu. Vuto mwakumana naloli ndi lakalekale, ndipo gwero lake ndi lakuti mabuku a mpingo amasunga chaka chimene abusa anadzozedwa ndi malo amene anasamutsidwirako, pamene ntchito ya akazi awo silembedwa paliponse, ngakhale kuti mpingo wonse umaidalira. Katharina von Bora anakwatiwa ndi Martin Luther, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Germany, mu 1525, ndipo ndi iye amene ankayendetsa nyumba yaikulu ya ku Wittenberg, kusamalira minda ndi ziweto, komanso kudyetsa ophunzira ndi alendo amene ankadzaza nyumbayo. Ophunzirawo ankalemba zimene Luther ankalankhula pa nthawi ya chakudya, moti mawu akewo akuwerengedwabe lero, koma makalata amene Katharina analembera mwamuna wake sanasungike. Zimandipweteka kuti zomwezi zikupitirirabe m'mabanja a abusa, chifukwa ife adzukulu timachedwa kufunsa.

Ndikukupemphani kuti muwerenge Machitidwe a Atumwi 9:36-42, nkhani ya Tabita wa ku Yopa, amene ankatchedwanso Dorika. Petro atalowa m'chipinda chapamwamba mmene anagoneka mtembo, akazi amasiye anaimirira pafupi naye akulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Umboni wawo unali wogwirika ndi manja, ndipo ndi umboni woterewu umene ukusoweka pa tsamba lanu. Mawu akuti "okonda kupemphera" anganenedwe pa mayi busa aliyense, koma alipo munthu amene akukumbukira kuti agogo anu anagona pa mpando m'chipatala masiku angapo pamene mwana wake anadwala, ndipo munthu ameneyo sanganene zimenezi pokhapokha mutamufunsa mwa njira ina. Lekani kufunsa kuti anali munthu wotani. Funsani kuti, "Munakumana nawo koyamba kuti? Anakuchitirani chiyani pa tsiku limene zinthu zinakuvutani? Anakudzudzulanipo pa chiyani?" Funso lomalizali limamasula anthu kwambiri, chifukwa amene anadzudzulidwa mwachikondi saiwala mawu ake enieni.

Musalekeze pa akulu a mpingo, amene kawirikawiri ankadziwana kwambiri ndi abusa. Pitani kwa ana a eni amene anakulira m'nyumba mwawo, kwa akazi a abusa achinyamata amene anawalangiza, ndi kwa amayi amene ankagogoda pa khomo lakumbuyo usiku ndi nkhani zimene sakanatha kuwauza abusa. Yambirani okalamba, ndipo akalola, jambulani mawu awo pa foni.

Ngati Baibulo lawo lilipo, khalani nalo pansi tsiku lonse. Muone masamba amene anada ndi kugwidwagwidwa, mavesi amene anadulidwa mzere kunsi, maina a ana olembedwa pa tsamba loyamba, ndi timapepala timene anatisiya pakati pa masamba. Tsamba limene linatheratu m'mphepete likuuzani kumene mtima wawo unkathawira, ndipo vesi limenelo ndi loyenera kulowa mu mbiriyo kuposa Miyambo 31, yokamba za mkazi wangwiro, imene ambiri amaithamangira chifukwa ili pafupi.

Pa funso lanu lakuti muyambire pati, yambani ndi dzina lawo, makolo awo, ndi moyo wawo asanakwatiwe. Luka 2:36-38 amatchula Anna mneneri, atate ake Fanueli, fuko lake la Aseri, ndi zaka 7 zimene anakhala ndi mwamuna wake, koma dzina la mwamunayo salitchula n'komwe. Agogo aamuna alowe mu nkhaniyo pa chaka chimene analowa m'moyo wa agogo aakazi, ndipo kusamuka kulikonse mukulembe monga mmene iwo anakuonera, kulongedza katundu, kusiya anzawo, kufunira ana sukulu ina. Musadzichotsemonso inuyo. Paulo polembera Timoteo ananena kuti chikhulupiriro chinayamba kukhala mwa agogo ake aakazi Loisi ndi mwa amayi ake Yunike (2 Timoteo 1:5), choncho zimene mdzukulu anaona ndi kulandira ndi mbali ya mbiri ya agogo.

Mudzamvanso zina zosakoma, mwina kuti anali aukali, kapena kuti ana awo ankaona ngati mpingo unawalanda mayi. Sindikuona chifukwa chozibisira zonse. Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba za amayi ake Monica, amene anamwalira ku Ostia ku Italy m'chaka cha 387, ndipo ngakhale anawatamanda chifukwa cha misozi ndi mapemphero amene anamuperekera zaka zambiri, sanabise kuti ali mtsikana anazolowera kulawa vinyo mobisa mpaka wantchito wina atawanyoza, ndipo analekera pomwepo. Owerenga amakhulupirira kupembedza kwa Monica chifukwa mwana wake analemba za munthu weniweni. Komabe zoterezi muyambe mwakambirana ndi ana a malemuwo, ndipo ngati agogo aamuna ali moyo, muwawerengere zonse musanakawerenge pagulu.

Pali zina zimene simuyenera kulemba konse. Mayi busa amasenza zinsinsi za mabanja ambiri, ndipo ena mwa amene muwafunsewo adzakuuzani zakukhosi chifukwa cha chisoni. Lembani zimene agogo anachita, koma dzina la munthu wothandizidwayo ndi vuto lake muzisiye, pokhapokha mwiniwake atanena momveka kuti akufuna zitchulidwe.