Mamailosi 20 okha, nanga kulawira kotereku bwanji?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti anzawo awaitana kukakwera boti la matanga kuchoka pachisumbu china kupita china, mamailosi 20 okha, koma mwini boti akuti 6 koloko m'mawa akhale atanyamuka. Ndiye akufunsa kuti changu chonsechi nchachani, si ulendo wokasangalala kodi?

Mayi, mwini botiyo amvereni. Mailosi ya panyanja ndi makilomita 1.852, ndipo boti wamba la matanga limayenda mamailosi 5 kapena 6 pa ola, ndiye maola anayi amenewo ngati mphepo yakukondani. Koma ikamachokera komwe mukupitako basi zavuta, boti silingalunjike mphepo, limapita chopingasa madigiri 45 kapena chapompo, uku kenako uku, mtunda uja nkutalika, maola anayi aja nkusanduka 6 kaya 7, inu mseru uli pakhosi.

Komatu nkhani yeniyeni ili kofikako. Ine ndimayamba ndaganiza nthawi yoponya nangula, ya ponyamuka imachokera pamenepo. Mumafunika kufika dzuwa lidakali pamutu chifukwa mpamene pansi pa madzi pamaoneka, poyera ndi mchenga, pakuda ndi udzu kapena miyala, ndipo nangula amaluma bwino mumchenga, paudzu amangotsetsereka. Madzi akakhala akuya mamita 5 simutsitsa tcheni cha mamita 5 ayi, mumatsitsa kanayi kapena kasanu, mamita 20 mpaka 25, kuti chizikoka nangulayo chitagona pansi osati kumuzula, kenako injini rivesi pang'onopang'ono muone ngati wagwiradi. Ngati ndi nyanja yoti madzi amadzaza nkuphwa, pafupifupi maola 6 aliwonse, muwerengere kuya kwa pomwe adzadze. Musiyenso mpata pakati pa boti lanu ndi maboti ena, usiku mphepo ikatembenuka boti limazungulira nangula wake, nde wofika mochedwa amapeza malo abwino anzake atenga kale.

Ine zinandionekerapo. Tinachedwa ndi kusambira panjira, tinakaponya nangula kutada, paudzu osadziwa, 2 koloko usiku alamu ya GPS yochenjeza boti likasuntha kulira, tikukhwekhwerezeka kulunjika boti la eni ake, ine kutsogolo kukoka tcheni tochi ili kukamwa, manyazi ake eeh.

Ndiye lawirani mayi, mukafika cha m'ma 1 koloko mudzasambira mpaka kutopa. Kukada mwini boti ayatse nyali yoyera ya pa mlongoti kuti ena akuoneni. Chipewa tengani chokhala ndi chingwe, zanga ziwiri zili pansi pa nyanja.