Musafulumire kuulula dzina lanu lenileni

Achemwali, mwadandaula kuti anthu akukutukwanani pa intaneti, pomwe inu mumalemba ndi dzina lobisika. Ine ndikuti pitirizani ndi dzina lobisikalo. Maganizo anu oti aliyense azikakamizidwa kulemba dzina lake lenileni pa intaneti kuti otukwana aleke, ine sindikugwirizana nawo, ngakhale ndikumvetsa mmene mawu awowo akukupwetekerani.

Ku South Korea anayesapo kale. Mu 2007 anakhazikitsa lamulo loti munthu azitsimikizira dzina lake asanalembe kanthu pa masamba akuluakulu, koma mu 2012 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linalithetsa, ati limapondereza ufulu wolankhula. Pakatipo, mu 2011, akuba a pa kompyuta anaba mbiri za anthu pafupifupi 35 miliyoni pa masamba a pa intaneti a m'dzikomo otchedwa Nate ndi Cyworld. Taonaninso pa Facebook: amafuna dzina lenileni, koma mwano ulipo wadzaoneni, wina akutukwana chithunzi chake chaukwati chili pompo.

Amene ndawaona akupindula ndi kubisa dzina si otukwana ayi. Ndi mayi womenyedwa pakhomo akufunsa kothawira, mnyamata amene wangoyamba ma ARV ndipo akuopa abale ake, kalaliki amene waona katangale kuntchito. Muwalamule kutchula dzina, angokhala duu, wamwano uja akupitiriza.

Otukwanawo ingowatsekerani, koma yambani mwajambula zimene alemba. Akafika pokuopsezani kapena kufalitsa zithunzi zanu, pitani kupolisi kapena kwa loya, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti kuno ku Malawi. Zikayamba kukusowetsani tulo, kaonaneni ndi mlangizi kuchipatala.