Yankho kwa azakhali pa zotsatira za CT

Azakhali, ndamva funso lanu lokhudza pepala limene akupatsani atakujambulani m'mimba ndi makina a CT, makamaka mawu akuti contrast ndi lesion, komanso chifukwa chimene akufunira biopsy pamene zithunzi zilipo kale.

Makina a CT amagwiritsa ntchito X-ray yomwe ija, koma m'malo mwa chithunzi chimodzi amazungulira thupi n'kujambula zithunzi zambiri, ndipo kompyuta imazilumikiza kuti chiwindi, impso ndi matumbo zioneke gawo ndi gawo. Contrast ndi mankhwala aja anakubayani pamtsempha. Ali ndi ayodini, amene amathandiza kuti mitsempha ya magazi ndi ziwalo zioneke bwino, ndipo popeza amatuluka m'thupi kudzera mu impso, anayamba akuyezani magazi kuti adziwe ngati impsozo zikugwira bwino ntchito. Kutentha kumene munamva thupi lonse kwa kanthawi kumachitikira anthu ambiri.

Mawu amene akusowetsani tulo ndi akuti lesion, ndipo apa ndipempha kuti mundimvetsetse, chifukwa mawuwa paokha satanthauza khansa. Dokotala wowerenga zithunzi amawalemba akaona malo alionse ooneka mosiyana ndi mnofu wowazungulira, kaya ndi kathumba ka madzi, chipsera cha matenda akale, timitsempha ta magazi tounjikana, kapena chotupa. Pachiwindi, timatumba ta madzi totere timapezeka kawirikawiri mwa anthu amene sakudwala n'komwe. Iye amalemba kukula kwa malowo m'mamilimita, maonekedwe a m'mbali mwake, ndi mmene aonekera mankhwala aja atalowa. Akalemba kuti benign, ndiye kuti si khansa ndipo sichifalikira ku ziwalo zina. Malignant ndiye khansa.

Komatu chithunzi chimaonetsa kukula ndi maonekedwe, ndipo nthawi zina sichikwanira kutsimikiza mtundu wa maselo amene ali pamalopo. Apa m'pamene amachita biopsy, ndiko kuti amachititsa dzanzi pakhungu, amalowetsa singano akuyang'ana pa sikani, n'kutenga kamnofu kakang'ono kokaunika pa maikulosikopu. Lisanafike tsikulo, muwauze adokotala ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga aspirin kapena warfarin, koma musawasiye nokha iwo asanakuuzeni tsiku loyenera kusiya.