Musanachotse Windows muofesi, yambani mwaona za accounts

Achimwene mwafunsa ngati mungaike Linux m'malo mwa Windows pa makompyuta a muofesi poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025 ndipo makina anuwo akukana Windows 11, ndiye nkhawa yanu ndi yoti kodi mapulogalamu a bizinesi mukawapeza kumeneko. Ambiri alipo ndithu, koma musanagwire chilichonse khalani kaye pansi muone kuti ndi pulogalamu iti imene itati yasowa tsiku limodzi ntchito yonse ingaime. Nkhani yagona pamenepo.

Zolemba makalata, ma invoice, ma sheet owerengetsera, musadere nazo nkhawa, pulogalamu ya LibreOffice imabwera kale mu Linux Mint, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, ndipo ma file a Word ndi Excel imatsegula bwinobwino. Zimavuta ndi ma Excel aja okhala ndi ma macro (timalamulo tochita ntchito patokha mkati mwa file), ena amayenda ena amangokakamira, komanso kalata ya Word nthawi zina mizere imasuntha chifukwa font ya Calibri mulibemo, mukaika ina yotchedwa Carlito zimakhazikika poti zilembo zake ndi zofanana kukula. Zoom ndi Slack zilipo za Linux, Teams app yake ya Linux a Microsoft anaisiya mu 2022 koma pa browser imagwira.

Pomwe pamavuta zenizeni ndi pa accounts. QuickBooks Desktop ndi Sage 50 za Linux kulibe, ndipo ndikudziwa kuti wina abwera pano kudzati ikani kudzera pa Wine, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, ine ayi sindingakulangizeni zimenezo pa mabuku a ndalama, update imodzi yokha itha kusokoneza zonse tsiku lomwe antchito akudikira malipiro ndiye mudzalowera kuti. Kuli bwino musamukire ku zoyenda pa browser ngati QuickBooks Online kapena Xero ngati intaneti yanu ndi yodalilika, apo ayi GnuCash ndi yaulere ndipo pa bizinesi yaing'ono imakwanira. Ngati muli ndi stock yambiri komanso pogulitsira pali Odoo ndi ERPNext, ndi zamphamvu zedi koma zimafuna munthu wozidziwa kuti akuikireni, si zongodina next next ayi. Ndipo chonde funsani kaye accountant wanu kuti amalandira file yamtundu wanji, ambiri amaiwala zimenezi nkudzavutika pakutha pa chaka.

Ikani Mint pa flash, muyatse kompyuta kuchokera pa flash pomwepo osafufuta kanthu, kenako lumikizani printer, kamakina ka ma receipt ndi scanner muone ngati zikumvana, tiziwiya timeneti ndi tomwe timakonda kukana. Kompyuta imodzi isiyeni ndi Windows ya accounts yokha mpaka mutseke mabuku a chaka chino, zinazo musinthe imodziimodzi kuyambira ya munthu amene amangolemba makalata ndi kuyankha ma email.