Mafunso a Owerenga: Telesikopu Yoyamba ndi Zovuta Zake

Funso: Akonzi, ndikufuna kuyamba kuona nyenyezi. Ndaona telesikopu yaing'ono yolembedwa pakatoni kuti imakuza zinthu ka 500. Kodi ndigule?

Yankho: Isiyeni. Nambala yofunika pa telesikopu si ya kukuza, koma kukula kwa kukamwa kwake, kutanthauza m'mimba mwake mwa lenzi kapena kalilole wamkulu amene amasonkhanitsa kuwala. Zinthu zambiri zakumwamba n'zosawala kwenikweni, choncho chimene chikufunika ndi chida chotunga kuwala kochuluka. Telesikopu ya mamilimita 130 imatunga kuwala koposa kanayi kuyerekeza ndi ya mamilimita 60.

Kuti mudziwe malire a kukuza, tengani mamilimita a kukamwa muwachulukitse ndi 2. Ya mamilimita 60 imathera pa 120, ndipo mukapyola pamenepo chinthucho chimangokula koma chili mbuu. Ndiponso mpweya wa mumlengalenga sukhazikika, moti masiku ambiri ngakhale telesikopu yaikulu sionetsa bwino kupyola pa 200.

Kukuzako kumasintha ndi kagalasi koikapo diso, kotchedwa eyepiece. Pachubu pamalembedwa nambala ya focal length, kutanthauza mamilimita a mtunda wochokera pa lenzi kapena kalilole wamkulu kukafika pamene kuwala kumakumana. Igaweni ndi nambala yolembedwa pa eyepiece. Chubu cha 650 ndi eyepiece ya 25 zimakuza ka 26, pomwe eyepiece ya 10 imakuza ka 65.

Kwa woyamba kumene, ife timakonda telesikopu ya kalilole ya mamilimita 130 mpaka 200 yokhala pa chibokosi cha mtundu wa Dobson, chifukwa sichigwedera ndipo mumangokankha chubu ndi dzanja. Ya lenzi ya mamilimita 70 mpaka 90 ndi yabwinonso, bola miyendo yake ikhale yolimba. Iyeseni motere: gogodani chubu pang'ono muli chiyang'anire. Ngati chithunzi chikunjenjemerabe patapita masekondi atatu, miyendoyo idzakuvutitsani usiku uliwonse. Ngati ndalama zapelewera, mabainokulasi a 10x50 (okuza ka 10, a kukamwa kwa mamilimita 50) amaposa telesikopu yogwedera.

Funso: Yanga ndinagula kale, koma ngakhale mwezi ndimavutika kuupeza. Ndikaupeza, umathawa.

Yankho: Vuto lili pa kachubu kolozera kamene kali pamwamba pa chubu chachikulu. Ngati machubu awiriwa sakuloza pamodzi, mudzasakasaka mpaka khosi kuwawa. Kukonza kwake ndi masana. Ikani eyepiece ya nambala yaikulu kuposa zonse, chifukwa ndiyo imaonetsa malo aakulu. Lozani nsonga ya mtengo kapena mlongoti umene uli patali, mwina theka la kilomita, ndipo muuike pakatikati. Mangani telesikopu isasunthe. Kenako suzumirani mu kachubu kaja, mukupotokola timasikuluu take mpaka nsonga yomwe ija ifike pakati pa kamtanda. Kukada, tsimikizani pa nyenyezi yowala kwambiri. Pochita zimenezi musaloze kumene kuli dzuwa.

Kuthawako si vuto la chida chanu. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo telesikopu imakuzanso kuyendako. Pa kukuza kwa 65, chinthu chimadutsa n'kutuluka m'mphindi ngati zitatu. Muzichiika m'mphepete n'kuchilola chidutse chokha pakati. Mukaona mwezi uli chadodolido, musadabwe: telesikopu za kalilole zimaonetsa choncho.

Funso: Chilichonse chimaoneka ngati chili pansi pa madzi. Kodi yawonongeka?

Yankho: Kawirikawiri ayi. Telesikopu yochoka m'nyumba imakhala yofunda kuposa mpweya wapanja, ndipo mpweya wofundawo umayendayenda m'chubu n'kusokoneza kuwala. Itulutseni pasadakhale, mphindi 30 mpaka ola limodzi. Musaonere pawindo, ngakhale lotsegula, kapena kuloza pamwamba pa denga limene lakhala padzuwa tsiku lonse. Chinthu chimene chili m'munsi pafupi ndi mapiri chidikireni chikwere kaye, poti kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wochuluka.

Ngati zinayamba bwino kenako n'kuchita chifunga, ndi mame. Musapukute ndi nsalu ya malaya, mungakande galasi. Lowetsani chidacho m'nyumba chosavundikira, chiume chokha.

Chotsala ndi akalilole osayang'anizana bwino. Lozani nyenyezi yowala, muiike pakati, kenako potokolani chowongolera chithunzi pang'ono mpaka nyenyeziyo isanduke kabwalo kokhala ndi mthunzi wakuda. Mthunziwo ukakhala pakatikati, zonse zili m'malo. Ukapendekera mbali imodzi, sinthani masikuluu atatu a kuseri kwa kalilole wamkulu, imodziimodzi, kagawo kochepa nthawi iliyonse.

Funso: Ndiyambire pati? Ndinayesa mitambo ya nyenyezi koma sindinaone mitundu yokongola ya pazithunzi.

Yankho: Mitundu imeneyo imatuluka chifukwa kamera imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali. Diso mumdima limaona zotuwa basi, koma zotuwazo zili ndi zambiri mukazipatsa nthawi.

Yambani ndi mwezi uli theka, osati wathunthu. Yang'anani pamalire a kuwala ndi mdima, pamene mithunzi yaitali imatulutsa mapiri ndi zigwembe zake. Kenako pitani pa Jupiter: pambali pake mudzaona timadontho mpaka tinayi tili pamzere. Ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene katswiri wa zakuthambo Galileo anaiona mu 1610, ndipo imasintha malo usiku ndi usiku. Mphete za Saturn zimaoneka pa kukuza kwa 50. Nthanda, yomwe ndi Venus, imaoneka nthawi zina ngati kamwezi kongokhala kumene.

Pafupi ndi nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana pali mtambo wa Orion, malo amene nyenyezi zatsopano zikubadwa. Nsangwe ndi Mlalang'amba zimakoma kwambiri m'mabainokulasi. Zimenezi zimafuna usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi. Maso amazolowera mdima pakatha mphindi 20 mpaka 30, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumabweza zonse m'mbuyo. Tochi muiphimbe ndi pulasitiki wofiira. Chinthu chikakhala chozimiririka, musachiyang'ane maso ndi maso. Yang'anani chapambali pang'ono, chifukwa m'mphepete mwa diso ndi momwe mumamva kuwala kochepa.

Funso: M'katoni munali kagalasi kakuda kolembedwa kuti ndi ka dzuwa. Ndingakagwiritse ntchito?

Yankho: Katayeni lero lomwe. Kamaikidwa pa eyepiece, pamene kutentha konse kwasonkhana, ndipo kakhoza kusweka diso lili pomwepo. Diso likhoza kuchita khungu losachira. Sefa yoyenera ya dzuwa imavundikira kukamwa konse kwa chubu kutsogolo, imamangidwa kuti mphepo isaichotse, ndipo muziiunika kaye ngati ilibe kabowo. Kachubu kolozera nakonso kavundikireni, ndipo masana musasiye telesikopu panja pali ana.